Tsankho la khungu pakati pa ana a sekondale: limachokera kuti ndipo limayenda bwanji?

Nthawi ndi nthawi pamatuluka kavidiyo pa TikTok kapena pa WhatsApp, ana a sekondale kwinakwake akulira ngati anyani mnzawo wakuda akamadutsa, ena akukoka zikope ponyogodola maso a mnzawo wochokera ku Asia, ena adzipaka zakuda kumaso n'kujambulitsa uku akuseka. Nde anthu amayamba kulimbana pansi pa vidiyoyo. Wina akuti ana amenewa achotsedwe sukulu lero lomwe, wina akuti aaa inu, ndi ana awa amangocheza, wina akufunsa kuti kodi mwana wa zaka 15 tsankho walitenga kuti poti iyeyu anabadwa malamulo osankhana mitundu atathetsedwa kalekale. Ukawerenga mofatsa umaona kuti aliyense wagwira mbali yake, wina akukamba zimene zili mumtima mwa mwanayo, wina zimene wachita, wina zimene zamugwera mnzake uja. Akatswiri a za maganizo a munthu ndi a zamaphunziro nkhaniyi akhala akuifufuza kwa zaka zoposa 70, ndipo zimene anapeza zikhoza kutithandiza kuti tizimvana tikamaikamba.

Kodi tikati tsankho tikunena chani?

Pali zinthu zingapo zimene timaziphatikiza. China chimakhala m'mutu, ndi chithunzi chimene munthu amakhala nacho cha mtundu wonse wa anthu ngati kuti onsewo ndi munthu mmodzi, zija zoti akuda amatha mpira ndi kuthamanga koma masamu ayi, a ku Asia onse masamu ndi awo, azungu onse ndi olemera. Akatswiri chithunzi chimenechi amachitcha stereotype. Nthawi zina chimamveka ngati choyamikira koma chimapwetekabe, mwana wa ku Asia amene masamu akumuvuta amachita manyazi kupempha thandizo poti kalasi yonse mpaka aphunzitsi akuganiza kuti iyeyu sangavutike.

China chimakhala mumtima, kuipidwa naye munthu, kumuopa, kunyansidwa naye kapena kudziona wapamwamba usanamudziwe n'komwe. China ndi zochita zenizeni, kumutukwana, kumusala pogawana magulu, kukana kukhala naye desiki imodzi, kumumenya. Ndiye pali chomaliza chimene anthu ambiri sachiona, malamulo ndi zizolowezi za sukulu zimene zimapondereza ana a mtundu umodzi ngakhale patakhala kuti palibe amene wadzuka m'mawa n'cholinga chodana ndi wina.

Zinthu izi siziyendera limodzi nthawi zonse. Mwana atha kukhala ndi maganizo oipa koma osachita kanthu chifukwa choopa chilango, wina alibe chidani chilichonse mumtima koma akuseka nawo ndi kutumiza nawo kachithunzi konyoza chifukwa anzake onse akutero. Apa mpamene pamayambira mkangano uja wa "amangocheza". Amene akuteteza mwanayo akuyang'ana cholinga chake, amene akudandaula akuyang'ana bala limene latsala pa mnzake. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi.

Nanga sayansi ikuti chani za khunguli?

Mtundu wa khungu umachokera ku kanthu kotchedwa melanin, kamene kamateteza khungu ku dzuwa. Anthu amene makolo awo akalekale ankakhala kumadera a dzuwa lambiri ali nako kambiri, a kumadera a dzuwa lochepa ali nako kochepa, basi. Ntchito yaikulu yowerenga majini (genes) a munthu, tinthu ta m'thupi timene timatengera kwa makolo athu, inatha mu 2003, ndipo zimadziwika kuti anthu awiri alionse padziko pano majini awo amafanana pafupifupi 99.9 peresenti. Kale mu 1972 wasayansi wina, Richard Lewontin, anali atapeza kuti pa kusiyana kochepa kumene kulipoko, pafupifupi 85 peresenti kumapezeka pakati pa anthu a gulu limodzi lomwelo, osati pakati pa mtundu ndi mtundu. Kugawa anthu kuti awa ndi akuda, awa ndi oyera, awa ndi apamwamba, kunakula kwambiri nthawi ya malonda a akapolo ndi utsamunda pofuna kupeza chifukwa cholungamitsira nkhanza. Koma ngakhale magazi sakuvomereza malire amenewa, moyo wa tsiku ndi tsiku umawavomereza, ndipo mwana amene akusalidwa amamva ululu weniweni.

Mwana amalitenga kuti?

Amayamba kutola ali wamng'ono kwambiri. M'zaka za m'ma 1940 ku America, Kenneth Clark ndi mkazi wake Mamie Clark, onse akatswiri a za maganizo, ankapatsa ana akuda a zaka 3 mpaka 7 zidole zofanana chilichonse kupatula khungu, n'kuwafunsa kuti chabwino ndi chiti, choipa ndi chiti, ukufuna kusewera ndi chiti. Ambiri ankasankha choyera. Palibe mphunzitsi amene anawalembera zimenezo pa bolodi, anangoziona m'mene anthu amakhalira. Kafukufukuyu anatchulidwa pa mlandu wa Brown v. Board of Education mu 1954, pamene khoti lalikulu la America linagamula kuti kulekanitsa ana m'masukulu a boma potengera khungu n'kosemphana ndi malamulo a dzikolo.

Koma kafukufuku amene kwa ine amafotokoza bwino za ana a sekondale ndi wa Henri Tajfel, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ku Bristol, ku England. Anatenga anyamata a zaka 14 ndi 15 a pa sukulu imodzi, odziwana bwinobwino, n'kuwaonetsa zojambula za akatswiri awiri, Klee ndi Kandinsky. Kenako aliyense anauzidwa kuti iwe uli m'gulu la okonda Klee, iwe la okonda Kandinsky, chikhalirecho anangowagawa mwachisawawa. Mnyamata aliyense anakhala payekha n'kupatsidwa mwayi wogawa mapointi, amene ankasinthidwa kukhala tindalama, kwa anzake awiri osawadziwa mayina, amangodziwa nambala ndi gulu lawo. Anyamatawa ankakondera a gulu lawo. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti ambiri ankalolera kuti wa gulu lawo alandire zochepa bola apose wa gulu linalo ndi zambiri. Panalibe udani wakale, panalibe chimene analandana, dzina la gulu lokha linakwanira.

Tsono taganizani, ngati zojambula chabe zikutha kugawa ana chonchi, kuli bwanji khungu limene limaoneka munthu akangolowa pa geti, limene kumbuyo kwake kuli mbiri ya zaka mazana, nkhani za kunyumba, mafilimu, nyimbo ndi nthabwala za pa intaneti. Ndipo msinkhu wa ku sekondale ndi umene mwana amakhala akudzifunsa kuti ine ndine ndani, anthu anga ndi ati, mawu a anzake amamulemera kuposa a makolo, ndipo kusekedwa ndi gulu amakuopa kuposa chilango cha ahedi. N'chifukwa chake ana amene ku pulayimale ankasewera limodzi osaganiza za khungu amatha kufika ku sekondale n'kuyamba kukhala patebulo losiyana nthawi ya chakudya. Kukhala ndi ofanana nawe pakokha si tsankho, nthawi zambiri ana a mtundu wochepa pa sukulupo amasonkhana kuti apumeko, apeze amene sangawafunse mafunso otopetsa. Vuto limabwera malirewo akalimba moti wodumpha amatchedwa wogulitsa mtundu, kapena gulu lina likayamba kupeza ulemu ponyoza linzake.

Kunyoza kwambiri kwa pa msinkhu uwu kumafuna oonerera. Mnyamata amene amatchula mnzake dzina lonyoza pa bwalo la mpira nthawi zambiri sangatero atakumana awiriwiri mulaibulale, akufuna kuti anzake aseke. Mafoni angokulitsa bwalolo. Kale chipongwe chinkathera pa geti ya sukulu, pano chimamutsatira mwana mpaka pabedi, m'gulupu ya kalasi anthu asandutsa nkhope yake kukhala sitika ndipo aliyense akuitumiza. Mu 2020 matenda a Covid-19 atayamba, ana ambiri ochokera ku China ndi maiko ena a ku Asia amene amaphunzira ku Ulaya ndi ku America ankatchedwa mayina a kachilomboka, anzawo kumawathawa mwadala akakhosomola. Zimaonetsa kuti zimene akuluakulu akukamba pa nyuzi zimalowa m'kalasi mawa lake lomwe.

Tinthu ting'onoting'ono tija

Si nthawi zonse pamene pamakhala kutukwana. Pali mtsikana amene tsiku lililonse wina amamugwira tsitsi osapempha kuti aone ngati ndi lenileni. Pali mnyamata amene anabadwira m'dziko lomwelo koma amafunsidwa kuti ayi, kwanu kwenikweni ndi kuti. Pali amene dzina lake kalasi yonse inalephera kulitchula nde anangomupatsa lina lofewa, ndi amene akakhoza mayeso amauzidwa kuti iwe ndiwe wosiyana ndi anzako aja. Phunziro la ukapolo likafika, mitu yonse imatembenukira kwa mwana mmodzi wakuda amene ali m'kalasimo. Dokotala wa matenda a maganizo wa ku yunivesite ya Harvard, Chester Pierce, mu 1970 anatcha tinthu totere kuti microaggression, kutanthauza tizipongwe ting'onoting'ono tobwerezabwereza timene wochitayo mwina sakudziwa n'komwe kuti akunyoza. Zili ngati denga lodontha, dontho limodzi silinganyowetse munthu, koma likamagwera pamalo amodzi usiku wonse umadzuka zofunda zonse zili chonyowa. Mwana uja akadzapsa mtima tsiku lina, anthu amangoona dontho lomalizalo n'kumati nanga kakang'ono komweka.

Si akatswiri onse amene amagwirizana ndi ganizoli. Mu 2017 Scott Lilienfeld analemba kuti tanthauzo lake ndi lotambalala kwambiri, kuti chilichonse chikhoza kulowamo, ndipo umboni woti tinthu timeneti patokha timadwalitsa unali usanakhwime. Ena amaopa kuti ana akaphunzitsidwa kusaka chipongwe m'mawu alionse amasiya kucheza momasuka. Oikira kumbuyo ganizoli amayankha kuti amene sizimuchitikira sangadziwe kuchuluka kwake.

Pamene sukulu nayo ili mbali ya vutolo

Mu September 1957 ana akuda asanu ndi anayi anapita kukayamba pa Central High School ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas ku America, sukulu imene inali ya azungu okhaokha. Bwanamkubwa Orval Faubus anaika asilikali kuti awatsekereze, mpaka pulezidenti Eisenhower anatumiza asilikali a boma lalikulu kukawaperekeza. Anthu ambiri amadziwa chithunzi cha Elizabeth Eckford, wa zaka 15, akuyenda yekha atagwira mabuku, khamu likumukuwiza kumbuyo. Zimene sizikambidwa kwambiri ndi zimene zinkachitika mkati chaka chonsecho makamera atachoka, ophunzira anzawo kuwalavulira, kuwapinga miyendo, kuwakankha pa masitepe. Mmodzi mwa ana akudawo, Minnijean Brown, anaimitsidwa sukulu mu December atagwetsera anyamata amene ankamuvutitsa mbale ya chakudya, ndipo mu February 1958 anachotsedwa. Ophunzira ena anayamba kugawana timakadi tolembedwa kuti mmodzi wapita, atsala asanu ndi atatu. Wozunzidwa ndi amene anachoka, ozunzawo anatsala, ndipo zimenezi zimachitikabe m'masukulu ambiri chifukwa kubwezera kumaoneka ndi maso pamene kuputa kumachitika mobisa.

Lero malamulo olekanitsa ana poyera kulibe m'maiko ambiri koma tina timabisala m'kabuku ka malamulo a sukulu. Mu August 2016 atsikana akuda a pa Pretoria High School for Girls ku South Africa anachita zionetsero ponena kuti amauzidwa kuti awongole tsitsi lawo chifukwa lachilengedwelo likuoneka losasamalika, komanso kuti amadzudzulidwa akamalankhula zilankhulo zawo. Panali patatha zaka 22 chithetsedwereni apartheid, ulamuliro wosankhana mitundu uja. Mkulu wa zamaphunziro m'chigawo cha Gauteng, Panyaza Lesufi, anaimitsa kaye malamulo a tsitsiwo. Ku America, California inakhazikitsa lamulo lotchedwa CROWN Act mu 2019 loletsa kusala munthu kusukulu kapena kuntchito chifukwa cha tsitsi lachilengedwe kapena malukidwe ake, ndipo zigawo zina zambiri zinatsatira.

Pa nkhani ya zilango napo pali kusiyana. Lipoti la unduna wa zamaphunziro ku America la mu 2014 linaonetsa kuti ana akuda ankaimitsidwa kapena kuchotsedwa sukulu katatu kuposa azungu. Ena amati umphawi ndi mavuto a kunyumba ndi zimene zimapangitsa, ena amati ngakhale mutachotsera zimenezo kusiyana kumatsalabe, makamaka pa milandu yodalira maso a mphunzitsi ngati mwano ndi kusamvera. Ku London, mu 2020, mtsikana wakuda wa zaka 15 amene amangodziwika kuti Child Q anavulidwa ndi apolisi pa sukulu yake pomuganizira chamba, popanda munthu wamkulu womuimira m'chipindamo, ndipo sanamupeze ndi kanthu. Lipoti limene linatuluka mu 2022 linati zikuoneka kuti tsankho linathandizira kuti zifike pamenepo. Ndipo si za akuda okha. Mu 2007 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti dziko la Czech Republic linkasala ana a mtundu wa Roma, mtundu wa anthu wopezeka m'maiko ambiri a ku Ulaya, mumzinda wa Ostrava mwana wa mtunduwu mwayi woti atumizidwe ku sukulu ya ana ovutika kuphunzira unali wochuluka ka 27 kuposa ana ena. Ophunzira amaziona zonsezi, amaona amene amakayikiridwa foni ikasowa m'kalasi, ndipo amatengera pomwepo.

Chimene chimatsala mwa mwana

Kafukufuku wambiri amagwirizanitsa kusalidwa ndi nkhawa, kuvutika maganizo, kusowa tulo ndi kujomba kusukulu. Mwana amene akudikira kuti lero andinena chani mutu wake sukhala pa bolodi. Mu 1995 Claude Steele ndi Joshua Aronson ku yunivesite ya Stanford anapatsa ophunzira akuda ndi azungu mayeso ovuta. Akauzidwa kuti mayesowa akuyeza nzeru zanu, akuda ankatsika poyerekeza ndi anzawo, akauzidwa kuti ndi ntchito wamba yosayeza nzeru, kusiyanako kunkachepa kwambiri. Iwo anati mantha oti ndikalephera nditsimikizira zimene anthu amanena za mtundu wanga amadya mphamvu zoganizira. Akatswiri ena atabwereza kafukufuku wotere anapeza kuti mphamvu yake ndi yocheperapo kuposa m'mene ankaganizira poyamba, moti mkangano ulipobe, koma mwana amene anasiya kukweza dzanja m'kalasi chifukwa chosekedwa kalankhulidwe safuna kafukufuku kuti adziwe chimene chinamutseka pakamwa.

Wochitayo nayenso zimamutsata. Mu 2017 yunivesite ya Harvard inalanda malo ana osachepera 10 amene inali itawasankha kale, zitadziwika kuti ankatumizirana zithunzi zonyoza, zina zonyoza mitundu ya anthu, m'gulupu yachinsinsi pa Facebook. Zimene mwana walemba ali ndi zaka 17 zikhoza kudzatuluka akufunsira ntchito.

Nanga chimathandiza n'chani, ndipo anthu amasiyana pati?

Kungoika ana a mitundu yosiyana m'kalasi imodzi sikukwanira, Little Rock ndi umboni. Mu 1954 katswiri wa za maganizo Gordon Allport ananena kuti kukumana kumachepetsa tsankho ngati anthuwo akukumana ngati ofanana, ali ndi cholinga chimodzi, akudalirana m'malo mopikisana, ndipo akuluakulu akuonetsa poyera kuti akugwirizana nazo. Mu 2006 Thomas Pettigrew ndi Linda Tropp anasonkhanitsa kafukufuku 515 n'kupeza kuti kukumana kumachepetsadi tsankho, makamaka zinthu zimene Allport ananena zikakhalapo. N'chifukwa chake timu ya mpira, kwaya kapena sewero nthawi zambiri zimagwirizanitsa ana kuposa msonkhano wa tsiku limodzi muholo.

Elliot Aronson anaziyesa m'kalasi mu 1971 ku Austin, m'chigawo cha Texas ku America, kumene ana a mitundu yosiyana anali atangoyamba kumene kuphunzira limodzi ndipo ankamenyana. Anagawa ana m'timagulu tosakaniza mitundu, phunziro n'kulidula zidutswa, mwana aliyense n'kupatsidwa chidutswa chake choti akaphunzitse anzake, mayeso n'kubwera pa zonse. Ukamuseka mnzako chifukwa Chingerezi chikumuvuta, ndiwe wemwe ulephere poti gawo lake ali nalo ndi iye yekha. Patangopita masabata ochepa ana anayamba kumvetserana ndi kulimbikitsana.

Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2016, wa Elizabeth Levy Paluck ndi anzake, anachitika m'masukulu 56 ku New Jersey, ku America. Iwo anafufuza kuti ndi ana ati amene anzawo amacheza nawo ndi kuwayang'ana kwambiri, n'kulola kagulu ka ophunzira kuti kapange kokha uthenga wotsutsa kuzunzana m'mawu awoawo. Malipoti a mikangano anatsika ndi pafupifupi 30 peresenti m'chaka chimodzi, ndipo zinkayenda bwino kwambiri kumene m'kaguluko munali ana otchuka aja. Kafukufukuyu anali wa kuzunzana kwa mtundu ulionse osati tsankho lokha, koma akugwirizana ndi zija zoti wonyoza amafuna omusekerera, oonerera akasiya kuseka mphamvu yake imatha.

Pamene anthu amasiyana kwambiri ndi pa zoti nkhani ya khungu izikambidwa m'kalasi kapena ayi. Ena amati ana aziphunzitsidwa kusaona khungu, poti kulitchulatchula n'kumene kumalimbitsa malire ndipo kumachititsa ana ena kudzimva olakwa pa zimene anachita makolo akalekale. Ena amati ana amaliona kale, ndipo akuluakulu akakhala chete mwana wosalidwa amasowa ndi mawu omwe ofotokozera zimene zikumuchitikira. Pali kusiyananso pa funso loti kodi mwana wakuda angachitire tsankho mzungu kapena m'mwenye. Amene amaona tsankho ngati chidani chotengera khungu amati inde, aliyense angathe. Amene amaliona ngati chidani chophatikiza ndi mphamvu amati kunyoza kulipo mbali zonse koma kulemera kwake kumadalira kuti pa sukulupo ndi m'dzikomo mphamvu ili ndi ndani. Pa sukulu payokha, mwana aliyense amene mtundu wake ndi wochepa pamalopo akhoza kukhala wosalidwayo, ndipo ngakhale pakati pa ana akuda okhaokha pamakhala kunyozana kwa woyererako ndi wakuda bii.

Pa chilango napo sipagwirizanika. Ofuna chilango chokhwima amati chimauza sukulu yonse kuti izi sizololedwa ndipo chimateteza wozunzidwa msanga. Otsutsa amati mwana wochotsedwa amangopita ndi maganizo ake omwewo ku sukulu ina, mwinanso atawonjezera mkwiyo, nde amakonda njira yokhalitsa pansi wolakwa, wolakwiridwa ndi makolo kuti wolakwayo amve yekha zimene wachita ndi kuvomera kukonza. Njira imeneyi nayo ili ndi pogwera pake, ikachitika mokakamiza wolakwiridwa amasanduka mphunzitsi wa amene wamuzunza, n'kumakakamizidwa kukhululuka pamaso pa anthu asanakonzeke kuti nkhani ithe msanga. Masukulu ambiri amaphatikiza ziwirizi potengera kukula kwa mlandu, ngati ndi koyamba kapena kobwereza, komanso ngati wolakwiridwayo wavomera yekha kukumana ndi mnzakeyo.